Msuzi wa Ndere pa Tsiku la Mayeso

Lolemba pa 13 Meyi 2019, pakati pa mayeso a m'mawa ndi a masana, Mayi Bang Hyesuk anamwetsa ana a eni msuzi wa ndere za m'nyanja pabwalo la sukulu ina ku Seoul. Anachita dala.

Nkhaniyi inayamba mu Malichi. Mwana wawo, Seungjae, anali m'gulu la ana anayi a sekondale amene ankaphunzira sayansi ya ku yunivesite kwa mphunzitsi wapadera ku Daechi, dera lina la mumzindawo, kuti akakhoza mayeso a ku America otchedwa AP, mayunivesite akunja adzawatsegulire khomo. Gululo linali m'manja mwa amake Jiwan. Ndiwo ankasaka mphunzitsi, ndiwonso ankasankha mwana wolowa ndi wotuluka.

Tsiku lina amayi a ana anayiwo akumwa khofi, amake Jiwan anaika kapu pansi.

"Amake Seungjae, musakhumudwe. Mwana wanu akuchedwetsa anzake. Mawa asabwere."

"Koma kwatsala miyezi iwiri yokha."

"N'chifukwa chake ndikunena lero. Si vuto la mwana, mutu umatengera kuchimake. Kwanu kuchilumba cha Wando kuja, sukulu yake si kuyanika ndere padzuwa?"

Amayi awiri enawo anaseka ataphimba pakamwa.

"Koma chakudya cha tsiku la mayeso musathawe, ndinu muli pamzere. Kuphika kokha ndiye mumatha."

Mayi Bang anaweramitsa mutu. "Ndamva, achemwali."

Seungjae anawerenga yekha m'chipinda mpaka anaonda, lamba anachita kumuboola bowo lina. Amake sanadandaule kwa munthu. Kumapeto kwa Epulo anaimbira mlongo wawo ku Wando kuti atumize ndere zabwino kwambiri za chaka chimenecho.

M'mawa wa tsiku la mayeso anakazinga nyama ya ng'ombe m'mafuta a chitowe, anathira adyo ndi ndere zoviika, nasiya poto awire mpaka msuzi unachita ndaa pa chipande. Anakonzanso mpunga ndi mazira, nanyamula zonse.

Ana anatuluka m'mayeso a bayoloje milomo ili gwa ndi njala. Fizikisi inali kuwadikira masana. Mayi Bang akuyala mbale pabenchi, amake Jiwan anawakodola, nalankhula mosatsitsa mawu.

"Dahye wa m'gulu lathu uja akusamukira kunja. M'gulu la masamu la chilimwe mutseguka malo. Seungjae akadzapeza fayifi, malikisi apamwamba aja, pa mayeso a lerowa, ndimubweza."

Mayi Bang anaima chilili. Malo amenewo ndiwo mwana wawo ankalota. Mpunga ndi mazira zikanakwana. Poto akanatha kubwerera kunyumba wosavundukula, popanda wodziwa kanthu.

"Mwaiwala kuthokoza kodi?" anatero amake Jiwan, akumwetulira. "Kapena kwanu sathokoza?"

Mayi Bang anabwerera pabenchi, navundukula poto. Anayamba kugawira Jiwan, mbale yodzaza. Mnyamatayo sanayang'ane n'komwe, anangopendeketsa mbale kukamwa.

Fungo ndilo linawatembenuza amake.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Ndere za kwathu, achemwali."

"Mwapenga? Msuzi woterera tsiku la mayeso? Mukufuna ana aterereke, alephere onse?"

"Aa, kodi anthu a sukulu inunso mumakhulupirira zimenezo? Ndimayesa n'za ife akumudzi."

Dahye anakankhira mbale kutali. Jiwan anayesa kuseka. "Amayi, ndi msuzi chabe."

"Lavula! Ndati lavula!"

Anamumenya padzanja, mbale inagubuduka, msuzi wonse pathalauza. Anamugwira pakhosi la malaya n'kumuguguda pamsana, makolo a ana ena akuonerera. Pamene belu limalira, mnyamata amene ankaseka uja anali atatuwa. Analowa m'mayeso thalauza lili lonyowa, kandere katamatirira pabondo.

"Mwana wanu sadzapondanso pakhomo la mphunzitsi aliyense ku Daechi," anatero amake Jiwan.

"Msuzi watsala wambiri, achemwali. Ndikugawireni?"

Seungjae anali atakhala kumapeto kwa benchi nthawi yonseyi, ndipo anamva zonse, za malo zija ndi zinazo. Anamaliza msuzi wake mpaka dontho lomaliza, anaika mbale pansi bwinobwino, nalowa osayang'ana amake.

Malo a m'gulu la masamu anapatsidwa mwana wina Lachitatu la sabata yomweyo. Jiwan anatuluka kamodzi mayeso ali mkati kukasanza. Amake akuti anabwerera n'kumaliza mafunso onse, Dahye akuti tsamba lomaliza analisiya loyera. Seungjae sanauze munthu mmene mayeso anamuyendera, ndipo kuyambira tsikulo chakudya chamadzulo amakadyera kusitolo ya pakona. Zotsatira zituluka mu Julaye.