Rashidi Achedwa Kuyankhula

Rashidi, mwana wa Zulfa ndi Omari a ku Maganga, anali atakwanitsa zaka ziwiri ndi theka, koma pakamwa pake sipankatuluka mawu omveka. Anzake obadwa naye chaka chimodzi ankatha kale kupempha phala, iye ankangoloza ndi chala. Zimenezi zinkamudya mumtima Zulfa. Kumjigo, amayi anzake akayamba kusimba za ana awo, ankatunga msangamsanga n'kuchoka.

Tsiku lina mng'ono wake wa ku Lilongwe anamutumizira kanema pafoni. Munali bambo wovala jekete, wodzitchula katswiri wa kaleredwe ka ana, ndipo ankayankhula mosadodoma.

"Mwana wosayankhula ndi waulesi, mwamulekerera ndinu makolo," anatero bamboyo. "Musamupatse chinthu mpaka atachitchula dzina. Komanso zilankhulo ziwiri zimamusokoneza mutu."

Zulfa anakhulupirira. Anauza mwamuna wake kuti asiye kuyankhula Chiyao ndi mwanayo. Omari, amene ankakonda kucheza naye posoka maukonde, anangoti, "Ngati atero ophunzira, ine ndine yani?"

Tsiku lachinayi chiyambire kutsatira malangizowo, dzuwa linaswa mtengo. Zulfa anaima pakhonde atakweza kapu ya madzi m'mwamba.

"Nena kuti madzi, Rashidi. Madzi!"

Mwana anatambasula manja, analira mpaka mawu kusasa, kenako anakakhala yekha kuseri kwa khitchini. Zulfa nayenso misozi inalengeza.

Mayi Edina, oyandikana nawo nyumba, anaziona zonse ali pampanda.

"Amake Rashidi, mwanayu walakwanji? M'patseni madziwo, kukutentha."

Zulfa anamumwetsa, kenako anawaonetsa kanema uja. Mayi Edina anaonera mpaka kumapeto.

"Amayankhula bwino ndithu," anatero. "Koma Rashidi anamuonapo?"

Mayi Edina ananyang'ama kupita kumbuyo kwa mwana uja n'kuwomba m'manja mwamphamvu. Nkhuku zinabalalika, koma Rashidi sanacheuke.

"Ine si dokotala," anatero. "Mawa tipite naye kwa amene angamuone ndi maso."

Kuchipatala anawalandira namwino, mayi Scholastica. Sanafulumire kupereka malangizo. Anawerenga kaye buku la kusikelo, anafunsa ngati mwanayo amatentha thupi kawirikawiri, ndiponso ngati amakoka makutu. Zulfa anakumbukira kuti inde, amatero kuyambira nthawi ya dzinja. Namwino anaunika m'makutu ndi katochi.

"Makutu onse awiri ali ndi matenda, mkati mwadzaza mafinya. Mwanayu si waulesi ayi. Sakumva bwino, ndiye mawu angawaphunzire bwanji?"

Zulfa anagwira pakamwa. "Astaghfirullah, Mulungu andikhululukire! Ndiye ndinkamumana madzi mwana wodwala?" Kenako anasimbira namwinoyo zonse za kanema uja.

"Musadzide, mayi. Munkafuna kumuthandiza," anatero namwino. "Si onse a pafoni amene amanama, ena amanena zoona. Koma musanatsatire malangizo a munthu aliyense, fufuzani kuti iyeyo ndi ndani, anaphunzira kuti. Onani ngati wakufunsani za mwana wanu, poti ana sabadwa ofanana. Ndipo malangizo akakhala omumana chakudya, madzi kapena chikondi, alekeni pomwepo mudzafunse kuno. Ngakhale ineyo muzindifunsa chifukwa chake. Wodziwa ntchito sakwiya ndi mafunso."

Zulfa analimba mtima. "Nanga Chiyao chija?"

"Bambo ake ayambirenso lero lomwe. Ana ambiri kuno amakula ndi zilankhulo ziwiri popanda vuto."

Anawapatsa mankhwala ndi kalata yoti akapimitse makutu ku chipatala chachikulu ku boma. Omari anapumula kunyanja tsiku limodzi, napita nawo.

Sizinasinthe tsiku limodzi. Panapita miyezi itatu akubwererabwerera kuchipatala, uku akucheza naye moyang'anana nkhope monga anawalangizira. M'mawa wina Zulfa akutsuka mbale, anamva kamawu kachilendo pabwalo.

"Amayi! Mbuzi! Mbuzi!"

Mbuzi ya eni inali pakalikiliki kudya mpunga umene anayanika pamphasa. Zulfa anaiwala zoithamangitsa. Ananyamula mwana wake n'kuthamangira kwa mayi Edina, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Makolo, kufuna malangizo pa kaleredwe ka ana si kulakwa. Koma kuyankhula mokoma si umboni wa ukatswiri. Funsani mafunso, yang'anitsitsani mwana wanu, ndipo mukakayika pitani naye kwa azaumoyo amene angamupime.