Mawu Osungira Mdzukulu

Agogo a khomo loyandikana ndi langa, Mtchaina wokonza mawotchi, anandipempha kuti ndiziwaphunzitsa Chingelezi ndikaweruka kusukulu. Mdzukulu wawo wamkazi anakulira kunja, Chitchaina sachidziwa, ndipo anali kubwera kudzawaona.

Tinkakhala pa tebulo lawo la zomangira ndi timagalasi. Mawu aliwonse ankawamasula ngati wotchi yakufa, kufuna kuona zam'kati.

"Aphunzitsi, mawu awa oti 'ndakusowa', munthu wamkulu angamuuze mwana osachepa nawo?"

Ndinkati angamuuze. Ankabwereza mpaka lilime kulema, ine nkumapsa mtima, iwo nkumangoseka.

Tsiku lofika mtsikanayo, agogo anandiitana kuti ndikhalepo. Agogo anavala jekete, naimirira pakhomo, nkuyamba pang'onopang'ono chiganizo chomwe tinakhetsera thukuta chija. Asanafike pakati, mdzukulu anamwetulira, natulutsa foni, nkuwayandikizira kukamwa.

"Musadzivutitse, agogo," anatero m'Chingelezi. "Lankhulani chinenero chanu, foniyi itanthauzira. Zifulumira."

Ndinaona pankhope pawo kuti amva liwu lililonse. Ndinawaphunzitsa bwino ndithu. Anawerama nalankhula ndi foni, foni nkulankhula ndi mwana, mpaka tiyi anazizira.

M'mawa mwake mtsikana atapita, ndinawapeza atakhala pa tebulo lija, manja ali pamaondo, jekete akadali nalo.

"Lero tiphunzira chiyani, agogo?"

"Mawu a kuchipatala," anatero. "Ondiuza kugona apa, kutsegula pakamwa, kudikira. Enawo alibe wowamva."