Ng'oma Zitatu za a Mvula

Ndinalota ndikukalipira a Mvula.

Tinali m'holo ya sukulu imene ndimaphunzitsako nyimbo ku Zomba, dzuwa lili paliwombo, tikuyeserera nyimbo yanga ya nyengo zinayi. Ndailemba zaka zisanu ndi ziwiri nyimbo imeneyi. Ilibe mawu, ndi ya mavayolini, zitoliro, malipenga ndi ng'oma, ndipo Loweruka inali yoti imveke koyamba pamaso pa anthu. Oyimba onse anali pamalo pawo. A Chiperoni anali pa chitoliro, atafunda bulangete lonyowa. A Mwera anali pa lipenga. Nyenje zinadzaza mipando ya mavayolini, zitavala majekete akuda. A Mvula anakhala kuseri kwa ng'oma zazikulu, nsapato zawo zili fumbi lokhalokha.

Tinayamba ndi gawo la chilimwe. Nyenje zinalira bwino, ine kandodo kali m'mwamba. Titafika pakati, a Mvula anamenya ng'oma katatu mwamphamvu, denga linanjenjemera, fungo la dothi lonyowa linadzaza holo yonse. Kenaka anaika ndodo pansi n'kupinda manja.

"Pitirizani!" ndinakuwa. "Mwayamba, ndiye pitirizani! Anthu akumvani!"

"Ndamenya zimene zalembedwa, aphunzitsi," anatero a Mvula. "Katatu, mwamphamvu. Kuposa apo si nthawi yanga."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti ndi munthu wosadalirika, kuti chaka chatha anabwera pa Khirisimasi, chaka chinacho anagwetsa nyumba za anthu, kuti woyimba wina aliyense ndikanamuchotsa kalekale. Amati mvula ikakuona litsiro sikata. Awa anandiona litsiro n'kukata dala.

Ndili mkati molalata, khoma lakumbuyo linatseguka, ndipo kuseri kwake kunali munda wathu wa ku Ntcheu. Mlongo wanga Nangondo, amene anatsala pakhomo amayi atamwalira, anali pakati pa mizere, nsengwa ili m'chiuno. Anali kubzala. M'nsengwamo munali chimanga chamakolo chimene amayi ankapachika pamwamba pa moto kuti utsi uchiteteze ku anankafumbwe. Mbewu imeneyo sigulitsidwa m'sitolo iliyonse. Ikatha yatha.

"Achemwali, lekani!" ndinafuula. "Ndi chizimalupsa chimenecho!"

Sanandimve. Ankamvera foni imene anaimanga pa nsonga ya chitenje, ndipo m'fonimo munkatuluka mawu anga, okondwa ngati a munthu woledzera: "Bzalani, achemwali, bzalani yonse! Yayamba! Kuno ikuchita kukhuthuka!"

Mawu amenewo sindinawalote ayi. Ndinawanenadi masabata atatu apitawo. Tsiku limenelo kunagwa mvula yoyamba, ija imangobwera kudzazima moto wa m'tchire n'kubwerera, imene ngakhale mbuzi imadziwa kuti sabzalira. Ine ndinali pa zenera, ndipo gawo la dzinja, limene linandikana zaka zonsezi, linangotuluka lokha mpaka pepala kudzaza. M'chimwemwe chimenecho ndinatenga foni. Nangondo anakhulupirira, poti achimwene ake ndi ophunzira, amamva zanyengo pa wailesi ya m'tauni. Kuchokera tsiku limenelo sikunagwenso dontho.

"Inu ndi amene munamunamiza," ndinawaloza a Mvula ndi kandodo. "Mukanamenya pang'onopang'ono."

"Pang'onopang'ono ndi mmene ndinkamenyera kale," anayankha. "Munafufuta ndinu. Chilimwe munachidulanso pakati. Munati chatalika, anthu a m'holo atopa."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake ndinawagenda ndi kandodo kaja. Sikanawakhudze. Kanadutsa m'chifuwa mwawo n'kutuluka konyowa. Akuluakulu amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma chathuchi chinayimba katatu, ndipo wolemba ndinali ine.

Pamenepo amayi analowa pa khomo lalikulu. Anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anayenda pakati pa mipando atanyamula lichero, anafika pamene ndinaima, nagwada pang'ono monga amachitira kwa alendo.

"Aphunzitsi," anatero, "tabwera kudzatenga mbewu."

Moyo wawo wonse ankandiitana Sitifano, kapena iwe. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa mbama.

"Mbewu ili m'nthaka, amayi. Yapsa."

"Ili apa."

Analoza pepala la dzinja. Ndinawerama. Timadontho takuda tija, timene timakwera ndi kutsika pa mizere isanu kuuza woyimba poti apite, tinali maso a chimanga odetsedwa ndi utsi. Nangondo akaponya mbewu m'phando kumunda, kadontho katsopano kankaoneka pa pepala. Ndinamvetsa chifukwa chake gawo limeneli linalembeka tsiku limodzi.

Amayi anatchera lichero kunsi kwa pepala. "Kutumulani."

"Sindikutumula," ndinatero. Ndinanena zonse zimene ndakhala nditasunga. Ndinati zaka zisanu ndi ziwiri palibe wa kwathu anapemphapo kuti amveko ngakhale pang'ono. Ndinati mumazitcha zoliralira za azungu, mumafunsa kuti kodi mawu ake ayamba liti. Lero ndapanga chinthu chimodzi chabwino pa moyo wanga, ndiye mukuti ndichikhuthulire m'lichero? Loweruka ndikaima bwanji ndi nyengo zitatu?

Nangondo anaweramuka. Anaima m'malire, phazi limodzi pa simenti, lina m'dothi.

"Achimwene," anatero, "ine sindinakufunseni za mvula. Munachita kundiuza nokha."

Ngakhale nyenje zinaika mavayolini pamiyendo.

Ndinagwira pepala ndi manja awiri, ndinalikutumula mwaukali ngati mkeka wa nsikidzi. Mbewu zinayamba kugwa, ndipo iliyonse ikagunda lichero inkalira liwu lake. Motero dzinja langa linayimbika lonse, kamodzi kokha, kuyambira mabingu, ngumbi zotuluka m'chulu, mpaka madzi odikha m'mizere. Linali lokoma. Linali lokoma kwambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo ndinatukwana misozi ikutsika, chifukwa olimva anali munthu wakufa, mlongo wanga, ndi mphepo ziwiri.

Amayi anapeta. Zambiri zinali zopserera, zinauluka ngati mankhusu. Zamoyo zinatsala pakona pa lichero, zochepa zedi. Anazithira m'nsengwa ya Nangondo, kenaka anandibwezera pepala lopanda kanthu, mizere yokhayokha.

"Apa mulembepo kudikira," anatero.

"Kudikira kowerenga kangati?" anafunsa a Mvula, akutola ndodo zawo. "Ine ndimatsata zolembedwa."

"Sawerenga," anatero amayi. "Amakumba. Chinyezi chikafika pamene lathera khasu, ndiye kuti yabwera."

Anandinyamulitsa dzanja m'mwamba monga ndimachitira nyimbo ikamayamba, nandiuza kuti ndisatsitse. Oyimba onse anandiyang'ana. Nangondo anagwira khasu, nayenso akundiyang'ana. A Mvula anakweza ndodo pamwamba pa ng'oma, akumwetulira, osamenya. Mkono unayamba kuwawa, kenaka kuyaka, ndipo ndinadziwa kuti ndikangotsitsa amenyanso katatu, ndipo mbewu yotsalayo ipita.

Ndinadzidzimuka ndili pa benchi ya limba m'holo momwemo, thukuta lili kamukamu, mkono utachita dzanzi. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Pepala la dzinja linali patsogolo panga, timadontho tonse tilipo, osasowa n'kamodzi komwe. Palibe chimene chinandikwiyitsa m'maloto monse ngati kuona zimenezo.

Kwa masabata atatu ndinali ndikuiopa nambala ya Nangondo. Ndinaiyimba. Anayankha mochedwa.

"Yagwanso kwanuko, achimwene?"

"Sinagwe."

"Nanga mwatifuniranji?"

Ndinayang'ana pepala lija. "Mbewu ya amayi ija, yatsalako?"

Ndinkangomva nkhuku ndi mphepo.

"Ndinabisako yodzaza kapu ya tiyi," anatero. "Ndipo tsiku lobzala musadzandiuze."