Ufa wa Ukwati m'Buti ya Jailos

Jailos anali kukapa madzi m'buti ya galimoto yake kachitatu sabata imeneyo pamene mkazi wake, Dorika, anatulukira kuseri kwa nyumba ndi lichero m'manja.

"Mwayamba kuweta nsomba kodi, abambo a Gideoni?"

Jailos anapitiriza kukapa. Galimoto yakudayo anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo mu 1956 munthu wokhala ndi galimoto yakeyake pa Nsaru sankayenda chowerama. Iye ankati anagwira ntchito m'galaja zaka zisanu ndi ziwiri, ngakhale anthu a kaduka ankanong'ona kuti ntchito yake inali yotsuka matayala. Mpando wakutsogolo ankausungira aphunzitsi ndi akulu a mpingo. Dorika malo ake anali kumbuyo, pamodzi ndi nkhuku.

Tsono Loweruka mwana wawo Gideoni amakwatira ku Kabudula. Kwa masabata awiri Dorika anali akukonola, kuviika, kusinja ndi kuyanika, akuthamangitsana ndi mitambo ya Disembala, mpaka ufa woyera unakwana matumba atatu. M'galimoto mukanadzaza anthu, choncho ufawo unayenera kukwera kubuti. Ukananyowa, ukanafika kwa asewere awo uli zibuma, ndipo manyazi akewo akanawatsata mpaka kumanda. Jailos ankadziwa zimenezi ndipo mtima unali m'mwamba, kungoti sankafuna kuonetsa.

Anali atamata kale phula m'mphepete mwa chitseko cha buti, pamwamba penipeni pa pomwe madzi ankapanga chithaphwi. Anawonjezerapo nsanza za chubu. Mvula itabweranso, madzi anapezeka pomwepo ngati kuti analipira lendi.

"Denga likamadontha, madzi sagwera pomwe alowera," anatero Dorika. "Amayenda kaye ndi phaso."

"Galimoto si nyumba yaudzu, amake Gideoni. Izi n'za amakaniko."

"Chabwino, amakaniko. Koma safunsa anadya phula."

Jailos anayang'ana manja ake akuda bii, kenaka anaseka yekha. "Nenani tsono."

Dorika anapukuta buti yonse ndi chiguduli, n'kuisiya yotsegula kuti iume ndi kadzuwa ka masana. Atatero anatapa ufa m'lichero muja n'kuuwaza ponseponse, pansi ndi m'mbali momwe. Umu ndi mmene ankachitira m'khitchini akafuna kudziwa kumene makoswe akulowera.

"Tsekani. Muthire madzi pang'onopang'ono, muyambire m'munsi. Mukakhuthula chidebe chonse pamwamba sitidziwa kanthu."

Jailos anatenga chitini n'kuthira panyale yakumbuyo yakumanja. Anatsegula, ufa uli mbuu, wouma. Anathira panyale yakumanzere, nadikira pang'ono. Atatsegula, onse awiri anaweramira m'katimo. Mu ufamo munali kamzere konyowa, kochokera kuseri kwa nyaleyo, kutali ndi pamene Jailos anawonongera phula lake, kutsata khoma, kukhota, n'kukatsikira m'dzenje la tayala lapadera.

Jailos anamasula nyaleyo. Labala wa kumbuyo kwake anali atauma n'kung'ambikang'ambika ngati chidendene cha mlimi. Anamuika pachubu chakale, n'kudula wina wofanana naye ndi lumo, n'kupaka phula pang'ono, n'kumanganso. Anathira zitini zinayi, ufa osanyowa.

Dorika anali asanathane nazo. Anapempha kuti achotse tayala lapaderalo, ndipo pansi pake anapeza tizikhomo tiwiri ta mtengo tokhomeredwa m'mabowo.

"Nanga izi anakhoma ndani?"

Jailos anakanda kumutu. Anali iye mwini, m'chilimwe, pofuna kuti fumbi la mumsewu wa ku Namitete lisamalowe. Sanaganizeko kuti mabowowo anawaboolera dala kuti madzi azitulukirapo.

"Ndiye kuti mlendo analowa, inu n'kumutsekera chitseko, eti?"

"Musakanene kumpingo," anatero Jailos, akuzula tizikhomoto ndi pulayala.

Lachisanu ananyamuka kutacha bwino, koma asanafike theka la ulendo kunagwa chimvula choti ngakhale msewu sunkaoneka. A Davide, mkulu wa mpingo amene anakhala kutsogolo, ankayamikira galimotoyo njira yonse. Dorika, wopanikizika kumbuyo pakati pa ankhoswe, maganizo ake onse anali pamatumba aja.

Atafika ku Kabudula, amayi a kuchikazi anazungulira galimoto akululutira. Jailos anatsegula buti. Dorika anamasula thumba lapansi penipeni, napisa mkono mpaka m'chigongono. Anautulutsa uli mbee, ufa ukuyoyoka m'zala. Anasangalala kwambiri moti anaiwala n'kupereka moni komwe.

"Mwaona kuphunzira ntchito ku Joni?" anatero a Davide kwa anthuwo. "Mvula yonseyi, osalowa ndi dontho lomwe."

Jailos anatsokomola, nayang'ana mkazi wake. Dorika anali akumanga thumba lija, akumwetulira chamumtima.

Ukwati unayenda bwino. Lamulungu masana, pobwerera, a Davide analunjika kumpando wawo wamasiku onse, koma anapeza Jailos ataima pachitsekopo.

"Pepani, akulu, lero mukhale kumbuyoku," anatero mwaulemu. "Kutsogolo kukhala amakaniko."

Anatsegula chitseko, ndipo Dorika anakonza mpango wake, n'kukwera.