Mchombo wa Godwin

Triza ankapukuta Godwin kuseri kwa nyumba pamene alamu ake, a Eveles, anatulukira ndi lezala lili m'kapepala kake.

"Mubweretseni kuno. Asing'anga ndalankhula nawo kale. Mphini zingapo pachinena, mankhwala akuda, basi."

"Mwana wanga satemedwa, alamu."

"Wanu? Mukanamusamala bwenzi tikuvutika chonchi?"

Godwin anali ndi chaka ndi theka. Ankathamanga. Ankaluma. Ankaba usipa pathandala. Koma kumusi kwake, mbali imodzi ya kathumba munalibe kanthu. Triza ndiye anaona. Anauza mwamuna wake, Yesaya. Yesaya anauza mlongo wake. Pofika Lamulungu, azimayi a kutchalitchi ankamuyang'ana Triza cham'mbali.

A Eveles anali atagamula kale: mchombo. Amati khanda lalimuna, mayi ake azilondera kuti kamchombo pothothoka kasagwere paumuna. Kakagwera, mwanayo adzakula gojo, wosapereka mimba. Ndiye Triza, mtsikana wa pa boma, wokulira m'malaini a kunjanji, akanadziwa chiyani? Anagona tulo, mchombo n'kugwera pamenepo. Nkhani inatha choncho m'kamwa mwa anthu.

Triza anabereka mwana n'kupita kumene Yesaya ankasoka ukonde. Usodzi wa pachilumba cha Mbenji unali pafupi kutsegulidwa. Yesaya anali mlovi, msodzi waganyu, m'boti la a Fletcher. Akapita pachilumbacho amatha miyezi, ndipo mkazi sapondako.

"Bambo a Godwin, mawa tipite ku chipatala."

"Mupite. Ya kabaza ndikupatsani."

"Ndati tipite."

Yesaya sanadzutse mutu. "Zimatsika zokha izi. Akamakula."

"Anakuuzani ndani? Nsomba?"

"Amake Godwin, musayambe."

"Ndikapita ndekha, zomwe ndikamve kumeneko alamu adzati ndapeka panjira. Inu mukhala muli pachilumba. Ine nditsala pano ndi lezala lawo. Mukamve ndi makutu anu."

Yesaya analuma ulusi n'kuudula ndi mano. Koma m'mawa mwake anavala shati ya kutchalitchi.

Pa chipatala cha boma, mzere wa ana unali wa azimayi okhaokha. Yesaya anakhala kumapeto kwa benchi, mawondo pamodzi, Godwin ali pamiyendo. Mayi wina wonenepa, wa chitenje cha chipani, anamuyang'ana kuyambira kumutu.

"Achimwene, mwabwera kudzayamwitsa?"

Benchi yonse inaseka.

"Asiyeni," anatero wina. "Anga ine chipatala amachidziwa akathyoka mwendo ku mpira."

Triza anaseka nawo. Yesaya anayang'ana padenga.

Atalowa, anapeza adokotala achizimayi, a magalasi, olankhula mofulumira.

"Vuto n'chiyani?"

Yesaya anatsokomola. "Mwanayu, kumusiku... zinthu sizili bwinobwino."

"Zinthu ziti, bambo?"

"Tchende limodzi silikuoneka," anatero Triza. "La kumanja. Ngakhale ndimusambitse madzi ofunda, silibwera."

"Mwafotokoza bwino, mayi. Mugonekeni apa."

Adokotala anatikita manja awo kuti afunde. Anakanikiza pang'onopang'ono kuchokera m'chiuno kutsikira pachinena. Godwin anakuwa, anaponda, anagwira magalasi. Adokotala anawalanditsa osasiya ntchito.

"Lilipo. Ili apa. Bambo, bweretsani chala."

Yesaya anazengereza, kenako anagwira. Pansi pa khungu panali kanthu kolimba, ngati nyemba.

"Ana aamuna, machende amapangika m'mimba," adokotala anatero. "Amatsika mwana asanabadwe. Ena amaima panjira. Pa msinkhu uwu silingatsike lokha. Pafunika opaleshoni yaing'ono, ku Lilongwe. Amalitsitsa n'kulisokerera m'malo mwake. Mukachedwa, limawonongeka ndi kutentha kwa m'thupi."

Triza anamugunda Yesaya ndi chigongono. "Funsani zija."

"Ziti?"

"Za alongo anu."

Yesaya anakanda m'khosi. "Kwathu akuti mwina mchombo unagwerapo."

"Mchombo umagwa mwana atabadwa kale. Ili linaima asanabadwe. Mayiwa palibe chomwe analakwa. Ndipo musamuteme mwanayu. Chilonda pamenepa chingotichedwetsa." Adokotala anatenga cholembera. "Kubanja kwanu, bambo, kapena kwa mayi, alipo wina anabadwa chonchi? Nthawi zina zimayenda m'magazi."

"Kwathu sindinamvepo," anatero Triza.

Yesaya anawerama. Anayang'ana mwana, anayang'ana pansi.

"Achimwene anga aakulu. A Binali." Mawu anatuluka otsika. "Tili ana tinkawaseka posamba kunyanja. Iwo konsekonse kunalibe."

"Ali ndi ana?"

"Ayi. Akazi awiri anawachokera. Amayi athu anamwalira anthu akuwanenabe za mchombo."

M'chipindamo munangomveka Godwin akumenya tebulo ndi nsapato.

"A Binaliwo akanabwera nawo ali ngati uyu, mwina bwenzi zili zina," adokotala anatero. "Uyu mwafika naye nthawi yabwino. Lina lili m'malo mwake, linali tilitsitsa. Madokotala a opaleshoni ya ana amaona odwala Lachiwiri. Mukafike m'mawa."

Panja dzuwa linali litakwera. Akabaza ankaimba mabelu pageti. Triza anagula chinangwa chophika n'kumupatsa mwana. Lachiwiri ndilo tsiku lomwe boti la a Fletcher linkanyamuka. Onse awiri ankadziwa. Triza sanalitchule.

"Ku Lilongwe ndikudziwako," anatero. "Ndikafika ndekha."

"Nanga akakamugoneka tulo, n'kufuna bambo ake kuti asaine?"

"Ndikasaina ine. Dzanja ndili nalo."

Yesaya anatulutsa foni. Anayenda pang'ono, anaima pamthunzi wa mpanda.

"A Fletcher? Ndine Yesaya. Ulendo woyambawu mupeze wina... Ayi, sindikudwala. Ndi mwana... Ndikudziwa, malo akapita apita. Ndamva."

Anabweza foni m'thumba. Anamutenga Godwin n'kumukhazika pakhosi.

Atafika kumudzi anapeza a Eveles atakhala pakhonde, lezala lili pambali.

"Ndiye akuti chiyani azungu anuwo?"

Triza anatsegula pakamwa. Yesaya anamutsogolera.

"Achemwali, mwanayu watengera kwathu. Kwa a Binali. Si amake, ndipo sanali amayi athu."

A Eveles anayang'ana mlongo wawo nthawi yaitali.

"Amayi analira nazo zaka zonse zija," anatero kenako, chapansipansi.

"Eya. Triza salira nazo."

A Eveles anatola lezala lija, analitembenuza m'manja, n'kulimanga pansonga ya chitenje.

"Munyamuka tsiku lanji?"

"Lachiwiri."

"Nkhuku ndi thandala mundisiyire. Ndiziona."