Chitseko Chimene Alamu Anakonza

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ndinkakhuta chifukwa chonyoza kwathu. Anthu a ku Mgwirizano wa Maiko amakonda mlendo wotero. Ukawauza kuti kumene unabadwira mipope imadontha, amakuwonjezera nyama m'mbale. Ukawonjeza kuti mitu ya atsogoleri nayonso imadontha, amakupatsa mpando wakutsogolo.

Kwathuko ndi siteshoni ya m'mlengalenga, chigudumu chachitsulo chachikulu kuposa mzinda uliwonse, anthu miliyoni ndi theka ali m'mimba mwake, chikuzungulira pang'onopang'ono ngati munthu amene waiwala chimene anadzukira. Ndinachokako ndi kachikwama kamodzi. Mabokosi atatu a mabuku ndinawasiya kunsi kwa bedi la achemwali, ndi lonjezo lakuti ndidzawatenga chaka chamawa. Kalata sindinalembe. Ndinkati ndilembe ndikakhala munthu, koma nditakhala munthu ndinapeza kuti anthu salemba makalata.

Kenako Mgwirizano unaganiza zokamasula siteshoni yathu m'manja mwa wolamulira wake, munthu amene Mgwirizano womwewo unamuikapo ndi nyimbo za lipenga. Anasonkhanitsa ndege zankhondo makumi anayi, tindege tating'ono taukali timene tinkatitcha mavu, ndipo ine ndinali mmodzi wa oziyendetsa. Vuto linali lakuti akatswiri awo anakhala miyezi isanu ndi umodzi akuyang'ana chithunzi cha chigudumucho osapeza poboolera. A Jenerali anandiitanitsa m'chipinda cha tebulo lalitali, mmene aliyense anali ndi botolo lake la madzi ndi nkhope ya maliro, n'kundifunsa ngati mwana wa komweko angadziwe kanthu.

Ndinaseka. Ndinawauza za chitseko cha kochapira zovala, kumunsi kwa gudumu, kumene ndinkanyamula matumba a zovala zakuda ndisanachoke. Chitseko chachikulu, chotsegukira kunja kopanda mpweya, ndipo sichinkatsekeka bwino chiikireni. Chinkaimba likhweru. Komiti inabwera kanayi kudzachimvetsera, n'kulemba lipoti loti likhwerulo likumveka ndithu. Mzinga umodzi pamenepo, ndinatero, chitseko chiuluka, mpweya wa chigawo chonse utuluka, makina oziziritsira mizinga yawo azima, nkhondo yatha. Ndipo masana kulibe munthu kumeneko, makina amachapa okha.

A Jenerali anafunsa ngati m'zaka zonsezi sanachikonze.

"Bwana," ndinatero, "kwathu chinthu sitikonza. Timachizolowera."

Anaseka mpaka mmodzi anatsamwa ndi madzi ake. Mawa lake mawuwo anali m'nyuzi. Anandipatsa ulemu wotsogolera mavu onse, n'kumata kamera pachisoti changa kuti maiko asanu ndi awiri aonerere mwana wa komweko akumasula abale ake.

Tinafika masana. Ndinkayembekeza kuti mtima ugunda ndi mantha, koma unagunda ndi mkwiyo, chifukwa chinthu choyamba chimene ndinaona chinali denga lagalasi la laibulale yathu, kumene ndinaphunzirira kuti dziko ndi lalikulu, atalimata chikwangwani chotsatsa mankhwala okulitsa matako. Bwalo la sukulu anamangapo zipinda. Penti ya gudumu lonse inali itasuluka ngati malaya a mphunzitsi. Ndinafuna kulira, koma ndinakumbukira kamera.

Mizinga ya siteshoni inayamba kutilavulira moto, theka lake lokha. Theka linalo, ndikhulupirira, linkadikira saini ya wina amene anapita kokadya. Komabe theka lomwelo linali lokwanira. Mavu awiri kumanzere kwanga anaphulika mwakachetechete, monga zimakhalira kumene kulibe mpweya, n'kusanduka tizidutswa tonyezimira. Ndinapendeketsa ndege, ndinadutsa kunsi kwa mipope ikuluikulu ya madzi, njira imene ndinkaidziwa ngati m'kamwa mwanga, enawo akunditsatira pambuyo ngati ana a sukulu. Ndipo chitseko chija chinaonekera, pomwe ndinachisiya.

Pambali pake pali kawindo kozungulira. Kawindoko kanali ndi katani. Yachikasu, ya tinsomba tabuluu, msoko wake wokhota pakona, chifukwa mayi athu ankasoka akukangana ndi wailesi. Inali katani ya kuchipinda kwanga. Patsogolo pake panali chitini cha mkaka mmene munamera anyezi, ndi nsapato za sukulu ziwiri zoyanikidwa.

Chala changa chinali kale pabatani. Ndinachichotsapo n'kupotoza wailesi kufunafuna nambala yakale ya kochapira, imene oyendetsa zombo ankaimbira akabwera ndi zovala zakuda. Inalira katatu. Anayankha munthu akutafuna.

Mawuwo ndinawadziwa. Anali alamu anga, amuna a achemwali, wowotcherera zitsulo amene ukwati wake ndinaukana pamaso pa akuluakulu chifukwa anali asanamalizepo buku ngakhale limodzi. Iwonso anandizindikira ndisanamalize moni, pakuti ankandionera pa kanema, chisoti ndi zonse.

"A Profesa," anatero. "Zaka zonsezi osalemba ngakhale kakalata, lero mwabwera ndi anzanu makumi anayi nthawi ya chakudya. Tikanadziwa tikanawonjezera madzi mumphika."

Ndinawafunsa chimene ankachita kochapira zovala. Anandifotokozera mosafulumira, ngati tili pabenchi, kuti makina ochapira anafa kalekale, anthu anachuluka, boma linadula holoyo m'tizipinda ndi mabolodi, ndipo iwo anapatsidwa chakuchitseko chifukwa ena onse anachikana, ati chimazizira. Mabanja makumi asanu ndi limodzi amakhala mmenemo. Achemwali anu akusita, anawonjezera, sangabwere pa wailesi, ati ngati muli ndi mawu mulowe.

M'khutu linalo a Jenerali ankafunsa chifukwa chimene ndinaimira, n'kundikumbutsa kuti maiko asanu ndi awiri akuonerera. Ndinauza alamu kuti athawe, atulutse aliyense, ali ndi mphindi ziwiri. Anaseka. Anati khonde lake ndi lija lomwe ndikulidziwa, lodutsa munthu mmodzi chammbali, ndipo tsopano muli njinga, mbaula ndi agogo a chipinda chachitatu amene sayenda. Mphindi ziwiri sizikwana ngakhale kupeza makiyi.

"Koma musavutike, alamu," anatero. "Chitseko chimenechi ndinachikonza ine, chaka chomwe munachoka. Zitsulo zitatu kumbuyo, zowotcherera kawiri. Ombani. Mungondiwonongera penti."

A Jenerali anamva, chifukwa wailesi yanga inali yotsegukira onse. Anandifunsa ngati n'zoona. Akatswiri a mabotolo a madzi aja ankamveka akunong'onezana kuti ngati chitseko chili cholimba, mzinga ubwerera ndi kupsereza mavu athu omwe, pamaso pa makamera.

Ndinayandikira mpaka mphuno ya ndege inatsala pang'ono kuchigunda. Penti inalidi yatsopano, yobiriwira, yopakidwa mowolowa manja. M'mphepete munali mzere wotupa ngati wowotcherera. Koma ntchito ya alamu ndinkaidziwa: mzere wawo umakhala wa timibulu ngati zitosi za nkhuku, ndipo ndinanenapo zimenezi paukwati. Uwu unali wosalala bwino. Munthu ameneyu sanawotchererepo chinthu chosalala m'moyo wake wonse.

Tsono ndinali ndi mayankho awiri. Loyamba linali loona, ndipo likanasunga dzina langa, mpando wanga wakutsogolo ndi mawu anga a m'nyuzi. Katani inagwedezeka pang'ono, dzanja linatuluka n'kutembenuza nsapato zija kuti ziume mbali inayo. Dzanja la achemwali, chipsera cha simbi chili pomwe chinali.

"Bwana," ndinatero, "achikonza. Ndinalakwitsa."

Mawu awiriwo sindinawanenepo chibadwire, ndipo ndinawanena pamaso pa maiko asanu ndi awiri. A Jenerali ananena zinthu zingapo zokhudza ine, mayi anga ndi mtundu wanga wonse, kenako analamula wachiwiri wanga kuti ayesebe mzinga umodzi. Pamenepo ndinatembenuza ndege n'kuimata pa kakhomo kolandirira matumba, kamene kali pakati pa chitsekocho, mapiko anga n'kuphimba penti yonse ya alamu. Kuti awombe chitseko anayenera kuyamba awomba mwana wa komweko, kamera ili pamutu. Mgwirizano umapha anthu, koma osati amene wawaika pa chikwangwani sabata yomweyo. Patapita mphindi zochepa mavu anabwerera, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti nyuzi zinati ulendowo unali wongoyendera.

Ndinakwawa m'kakhomo ka matumba, mutu kutsogolo, monga zovala zakuda zonse zimene zinadutsapo, n'kugwera pa kapeti. Chipinda chinali chaching'ono kuposa bafa langa la ku Mgwirizano. Bedi, kabati yagalasi ya makapu osagwiritsidwa ntchito, kanema akuonetsa chipinda chomwecho kuchokera pamutu panga. Alamu anakhala pa sofa, mbale pamwendo, mimba itakula, imvi zili mbuu. Achemwali anaimika simbi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Vula nsapato, ndakolopa," anatero. "Ndi chipewacho. Anthu asaone nyumba yosayalula."

Ndinazimitsa kamera. M'chipinda mutakhala bata, ndinalimva. Likhweru. Lomwe lija, mawu ake osasintha, ngati mnzako wakale amene sanakule. Ndinapita kuchitseko n'kukanda ndi chikhadabo mzere wosalala uja, umene unaliponso mkati momwemo. Unali phula. Kunsi kwa phulalo, mumng'alu wonse kuyambira pansi mpaka pamwamba, munali mapepala opindidwa bwinobwino, othinitsidwa ndi mpeni. Ndinasolola limodzi. Tsamba 212, ndi mzere umene ndinadula kunsi kwa chiganizo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndi mawu anga m'mphepete: zoona zenizeni.

Alamu anati mabuku anga ndi abwino kwambiri, makamaka aakulu aja a mbiri yakale, pepala lake n'lolimba, limatha miyezi itatu. A ndakatulo sachedwa kuyamwidwira kunja. Bokosi lachitatu latsala theka, ndiye ndabwera nthawi yabwino ngati ndabweretsa ena.

Ndinawauza kuti ndiye kuti ndinkanena zoona. Zaka makumi awiri ndi zitatu, chitseko chomwechi, osachikonza. Ndinanena zoona pamaso pa a Jenerali, ndipo tsopano chilengedwe chonse chikundidziwa ngati wabodza.

"Ukauze anthu," anatero achemwali, akutenganso simbi. "Wailesi ndi iyo."

Ndinayang'ana wailesi, ndinayang'ana nsapato za sukulu pawindo. Likhweru linali litakwera pang'ono pamene ndinasolola tsamba lija. Alamu ananditambasulira mpeni wa patebulo, chogwirira kutsogolo, osasiya kutafuna.

Ndinapinda tsamba 212 kanayi n'kulibwezera pamalo pake.