Madzi a Mitu ya Nkhanu

Mwana wanga ndi mkazi wake anakhala nthawi osaponda pakhomo panga. Tinasemphana mawu pa kaleredwe ka khanda lawo. Ndiye tsiku lina anangotulukira, khanda kumsana, supageti m'jumbo.

Mwana wanga anandikokera pambali. "Amayi, lero musiyeni aphike yekha. Walimba mtima kubwera kuno. Zikayenda bwino tizibwera Lamulungu lililonse."

"Ndamva, iwe. Sindine gonthi."

Mdzukulu ndinkamufuna, zimenezo sindibisa.

Mpongozi anati aphika supageti wa tinkhanu tam'nyanja, tandevu tija, akuti n'chakudya chosadula. Ndinati kumsika tipitira limodzi, angakudyereni masuku pamutu. Kumeneko amanditcha Mayi Tsitsani, ndipo dzinalo sindilikana.

"Mayi Tsitsani, lero mwabwera ndi mlonda?" anatero wogulitsa nsomba.

"Ndi mpongozi wanga, samala pakamwa. Tinkhanuti tafa liti?"

"M'mawa womwe uno, mayi!"

"M'mawa wa dzana. Tsitsa, apo ayi udya wekha."

Anatsitsa, uku akudandaula kuti ana ake agona ndi njala. Atatenga mpeni kuti adule mitu, mpongozi anamuletsa. "Ayi, bambo, mitu ndi makoko ndikuzifuna." Ndinamuyang'ana modabwa.

Kunyumba anasenda tinkhanu n'kutiika m'mbale. Mitu ndi makoko anakazinga ndi adyo, anathiramo madzi, n'kuchepetsa moto. Fungo linadzaza mpaka pabalaza. Kenaka khanda linalira kuchipinda.

"Amayi, ndikayamwitse kaye. Musavutike, ndikubwera."

Ndinadikira. Dzuwa linapendeka, mimba ikulira, munthu osatuluka. Ndinavundukula poto. Ndevu ndi timaso tikuyandama m'madzi ofiirira, ngati zotsukira mbale. Ndinati mumtima, mwanayu waiwala zinyalala pamoto, ndipo potoyu ndiye wamkulu yekha m'nyumba muno. Ndinakhuthulira madziwo musinki, mitu kubini, poto n'kutsuka mbee. Supageti ndinamuthyolathyola kuti akwane, n'kumuwiritsa mpaka afewe. Tinkhanu ndinaponyamo momwemo kuti tipse bwino. Ine zosapsa sindidya.

Mpongozi atabwera anayang'ana pachitofu, kenaka musinki.

"Amayi, msuzi uja uli kuti?"

"Msuzi uti? Madzi onunkha aja? Ndataya. Ndakupepuzani ntchito, chakudya chapsa kale."

Anaima duu. "Kukoma konse kunali mmenemo, amayi. Supageti amamalizikira mumsuzi umenewo."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinati ndikubwera."

Ndinafuna kuyankha, mawu anali kale pamlomo. Koma iye anangopukuta manja ndi kansalu, n'kupinda kansaluko bwinobwino, n'kukaika pamene anakapeza. "Zikomo, amayi," anatero. Bola akanandilalatira. Kulalata ndimakudziwa, ndikanadziwa poyankha.

Patebulo supageti anali phala, tinkhanu ngati mphira. Mwana wanga anayesa nthabwala. "Kodi chimenechi n'chathu kapena n'cha khanda?" Palibe anaseka. Mpongozi anadya zonse osasiya kanthu, anatsuka mbale yake, n'kukakhala pabalaza manja pamiyendo, ngati mlendo wodikira basi. Potsanzika anagwada mwaulemu wonse, ulemu uja umabaya kuposa chipongwe.

Lamulungu lotsatira mwana wanga anabwera yekha. Akuti khanda lili ndi chimfine. Linzake anabweranso yekha, chifukwa sanatchule n'komwe.

"Iwe, mitu ija amaiwiritsa mpaka liti?" ndinamufunsa.

"Mukufuna muphike?"

"Ndangofunsa."

"Afunseni eni ake, amayi. Foni muli nayo."

Ndili nayo, inde. Ndimaitenga, ndimaiyang'ana, n'kuibwezera pashelefu. Pakamwa panga pamagonjetsa msika wonse, koma apa sindikudziwa poyambira. Mdzukulu akuti wayamba kukwawa. Ndangomva.